Ulusi Wofiira ndi Gulugufe Woyamba

Tsiku limene anakumana koyamba, Manzere anali atanyamula chitini cha mbozi.

Kunazale kumene ankagwira ntchito aliyense ankamutchula kuti Manzere, chifukwa chilichonse ankachita ndi dzanja lamanzere: kudula, kumanga, ngakhale kupereka moni akaiwala. Ntchito yake yeniyeni inali kumezanitsa mbande za zipatso. Koma m'mawa uliwonse, asanagwire mpeni, abwana ankafuna kuti ayende mzere ndi mzere wa mbande za mandimu, akutola mbozi zodya masamba n'kuziphwanya.

M'mawa umenewo lole ya manyowa inaima pageti. Dalaivala wake anatsika akuimba likhweru, wamtali, atapinda malaya m'mikono, akuyenda ngati msewu wonse ndi wa bambo ake.

"Achemwali, taimani kaye! Mukufuna kupha ndani m'mawa uno?"

Manzere anali ataponya pansi mbozi yonenepa yobiriwira, jombo ili m'mwamba.

"Ndi mbozi, achimwene. Ikutha masamba."

"Mbozi? Ameneyo ndi gulugufe, kungoti sanavalebe zovala zake za ku ukwati."

Manzere sanafune kuseka, koma kuseka kunamupulumuka. Dalaivala uja anawerama, natola mboziyo ndi tsamba, n'kuipereka kwa iye ndi manja awiri ngati mphatso.

"Ndisungireni ameneyu. Ndidzabwera kudzamuona."

"Ndiye abwana akandigwira?"

"Mudzati ndi wa mlendo. Kapena ndipatseni nambala, ndiziimba kufunsa ngati wadya."

Lole itachoka, Anti Payipi anayandikira akukoka payipi yawo. Anali mayi wachikulire wothirira mbande, amene anagwira ntchito panazalepo zaka zambiri moti dzina lawo lenileni linaiwalika.

"Mwanawe, wapereka nambala?"

"Ndi ya mbozi, Anti."

"Ee? Mbozi za masiku ano zili ndi mafoni? Ine ndangoti ndikuuze: mwamuna wodziwa kulankhulira mbozi umuope. Angalankhulire chilichonse."

Manzere anamva, koma mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Madzulo a tsiku lomwelo meseji yoyamba inafika. "Gulugufe wanga wadya? Ndikufunsa onse awiri, wa pa tsamba ndi wa jombo."

Kuyambira pamenepo manyowa ankafika panazalepo kawirikawiri mpaka abwana anayamba kudabwa kuti akuitanitsa ndani. Dalaivala ankabwera ngakhale lole ili yopanda kanthu. Ankakhala pa wilibala yotembenuza, akuyang'ana Manzere akusongola kanthambi ka mandimu, akukalowetsa m'tsinde la mbande ina, akukulunga ndi pulasitiki.

"Manja amenewa ndi oti azivala mphete," ankatero.

"Mphete imasokoneza pomanga."

"Ndiye ndidzakuveka m'khosi. Iwe ndiwe mpweya wanga, ukudziwa? Ndikakhala pa chiwongolero, msewu wonse ndimangoona nkhope yako."

"Udzagunda anthu iwe!"

Koma mumtima ankasungunuka. Ndani anamuuzapo mawu otere? Anyamata ena ankangomuona ngati mtsikana wa dothi m'zikhadabo. Uyu ankagwira zala zomwezo n'kuzipsompsona chimodzichimodzi.

Chisanu chitatsala pang'ono kuyamba, Dalaivala anabwera nkhope ili yogwa.

"Akunditumiza kutali, wokondedwa. Miyezi itatu, kukatuta miyala ya msewu watsopano. Netiweki kumeneko ndi yochita kukwerera pa chulu."

Manzere anaika mpeni pansi. Miyezi itatu!

Kuseri kwa shedi, kumene ankataya miphika yosweka, anali ndi mbande ziwiri zakezake, zimene anadzala yekha kuchokera ku njere za ndimu limene anadya. Anali atangozimezanitsa sabata yomweyo. Pa imodzi ndi pamene ankabisa mbozi ija, ndipo tsopano inali itasiya kudya, itadzimangirira pa kanthambi n'kusanduka chikwa.

Anasolola ulusi wofiira ku mkono wa juzi yake, naudula pawiri. Anamanga mbande iliyonse pamwamba pa pulasitiki, pamalo omezanitsira, mfundo yake yopita kumanzere monga ankamangira nthawi zonse.

"Uwu ndi wako, uwu ndi wanga. Koma mvetsera bwino. Pakatha masabata asanu ndi limodzi udule ulusiwu pamodzi ndi pulasitiki. Ukausiya, tsinde likamakula udzalowa m'khungwa, mtengo udzafa. Wamva?"

"Ndamva, mfumukazi."

"Wamva chiyani?"

"Ndamva kuti maso ako ndi okongola."

"Iwe!"

Dalaivala anaseka, namukumbatira, kenako analoza chikwa chija.

"Tamuona mnzathuyu. Agona chisanu chonse. Tsiku limene adzatuluke, undijambulire. Ndikukulonjeza pamaso pa mtengo uwu: gulugufe woyamba akangouluka, sabata imeneyo sidzatha ndisanaime pageti ilo ndi mphete m'thumba."

"Ukulonjeza?"

"Ndikaphwanya, lole yanga idzathe matayala onse tsiku limodzi."

Anapita, mbande ili pa mpando wa kutsogolo, ataimanga ndi lamba ngati munthu.

Chisanu chinafika ndi ukali wake. M'mawa payipi inkauma gwa, madzi akuluma zala. Mbande zinaima kukula. Panazale ponse panalibe chouluka chilichonse kupatula mapepala.

Sabata zoyamba mameseji ankagwa ngati mvula. "Ndadzuka ndi dzina lako pakamwa." "Kuno kukuzizira, koma ndikakuganiza ndimavula jekete." Manzere ankawawerenga kasanu kasanu, akumwetulira mbande mpaka Anti Payipi anamuwaza madzi kuti adzidzimuke.

Masabata asanu ndi limodzi atakwana, anadula ulusi wa mtengo wake, nalemba: "Lero ndi tsiku lodula ulusi. Usaiwale."

"Ndadula kale, mfumukazi. Mtengo wathu ukusangalala."

Kenako mameseji anayamba kuchepa. Asanu pa tsiku anakhala awiri. Awiri anakhala amodzi. Ena ankabwera patatha masiku atatu, afupiafupi. "Netiweki." "Ndatopa, tilankhula." Akaimba, foni inkalira mpaka kudziduka yokha.

Kodi wadwala? Kodi lole yagwa? Kodi pali wina? Ayi, ayi, funso lomalizalo ankalikankhira kutali, koma linkabwerera ngati ntchentche.

M'mawa uliwonse, asanavale ndi jombo zomwe, ankathamangira kuseri kwa shedi. Chikwa chinali pomwepo, chouma, cha mtundu wa khungwa, chosagwedezeka. Ankachiyang'anitsitsa. Nanga ngati chafa? Nanga ngati chisanu chachipsereza mkati? Gulugufe akapanda kutuluka, lonjezo lija lidzakhala la chiyani?

"Ukachiyang'anitsitsa chonchi chichita manyazi," anatero Anti Payipi tsiku lina. "Wadya koma iwe? Juzi ikukukulira."

"Anti, chikwa chakufa chimaoneka bwanji?"

"Chimodzimodzi ndi chamoyo. Ndiye vuto lake."

Manzere analephera kuseka.

Lachinayi lina abwana anafika atavala chophimba kumphuno, pampu ya mankhwala ili kumsana.

"Kutentha kukubwera, tizilombo tidzuka. Lero ndipopera paliponse, mpaka kuseri kwa shedi."

Manzere anatembenuka msanga. Kuseri kwa shedi! Abwana anali atanenetsa kalekale kuti wosunga mbozi panazale pawo adziwe kuti wasunga kalata yomuchotsa ntchito. Anayamba kuyenda molunjika kumeneko, akupopa chogwirira.

Mwadzidzidzi Anti Payipi anakuwa: "Mayo ine! Payipi yaphulika, bwana, madzi akulowa mu ofesi!"

Abwana anathamangira ku ofesi. Manzere ananyamula mtengo wake, naubisa m'chimbudzi cha antchito, n'kuimirira pakhomo mpaka kupopera kutatha, kenako anaubwezera pamalo pake. Payipi sinaphulike, Anti anali atangoilozetsa pansi pa chitseko.

"Ndakolopa ofesi yonse chifukwa cha mbozi ya chibwenzi chako," Anti anadandaula masana. "Akabwera ndi mphete imeneyo, ndiyambe kuivala ndine."

Pang'onopang'ono mphepo inafewa. Mitengo ya m'mbali mwa mpanda inatulutsa timasamba tofiirira. Mbande za mandimu zinaphukira nsonga zanthete. Manzere anayamba kuyenda maso ali m'mwamba. Kapepala koyera kakauluka, mtima unkadumpha. Tsamba likagwa mozungulira, ankaima. Koma gulugufe ayi.

Dalaivala anali atakhala masiku asanu ndi anayi osalemba.

Lolemba, akusongola kanthambi, foni inalira m'thumba. Anatembenuka msanga, mpeni n'kutsetsereka. Magazi anatuluka pa chala chachikulu cha kumanja. Ndipo meseji yake? Inali ya kampani ya foni, yotsatsa nyimbo.

Anti Payipi anafufuza m'chikwama, natulutsa pulasitala ya zidzukulu zawo, yachikasu yokhala ndi tinyenyezi tabuluu.

"Ndi ya ana, koma zochita zakonso ndi za ana. Bwera nacho chalacho."

M'mawa mwake dzuwa linatuluka lofunda. Manzere anakhota kuseri kwa shedi monga mwa masiku onse, ndipo anaima chilili.

Chikwa chinali chong'ambika, chopanda kanthu. Pansi pake, pa tsamba lanthete, panali gulugufe wamkulu wakuda wa madontho achikasu, akutsegula mapiko n'kutseka, pang'onopang'ono, ngati akuphunzira kupuma.

"Anti! Anti, bwerani! Watuluka!"

Misozi inali ikutsika. Tsamba linkagwedezeka ndi kamphepo, choncho analigwira ndi chala cha pulasitala chija, najambula ndi dzanja lamanzere. Anatumiza pomwepo.

"Watuluka, wokondedwa! Gulugufe wathu watuluka! Ndikudikira pageti."

Foni inasonyeza kuti uthenga wafika. Patapita kanthawi inasonyeza kuti wawerengedwa.

Anadikira. Gulugufe anaumitsa mapiko, nauluka mokhotakhota pamwamba pa shedi. Pofika chakumasana panabweranso ena awiri oyera, akuthamangitsana pa maluwa a pageti. Chisanu chinali chitathadi. Koma foni inali duu.

Mwina ali pa chiwongolero. Mwina wanyamuka kale, akufuna kumudzidzimutsa. Inde, ndi zimenezo! Lole iliyonse ikadutsa mumsewu, Manzere ankadzutsa mutu mpaka khosi linayamba kuwawa.

Itangokwana nthawi ya nkhomaliro, pageti panalowa mtsikana wovala yunifomu yoyera ya unesi ndi juzi yabuluu, atakumbatira mbande pachifuwa ngati mwana wodwala.

"Pepani achemwali, andiuza kuti inu ndi amene mumadziwa za mitengo ya mandimu. Ndithandizeni, chonde. Ndathawa kuntchito pa nthawi yopuma."

"Ikani apa, anesi, tione."

Nesiyo anaika mbandeyo pa tebulo lomezanitsira. Masamba ake anali achikasu, ena atayoyoka. Manzere anawerama kuyang'ana tsinde.

Ulusi wofiira. Utalowa m'khungwa, tsinde litatupa pamwamba ndi pansi pake. Mfundo yopita kumanzere.

Womezanitsa aliyense amadziwa dzanja lake, monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake pakati pa ana ambiri. Kadulidwe kopendekera mbali inayo kanali kake. Ulusi unali wa juzi imene anavala tsiku lomwelo.

Mwina ndi mlongo wa Dalaivala, anadziuza. Paja ananenapo kuti ali ndi mlongo. Mwina anamusiyira kuti amusamalire. Inde, mlongo wake.

"Munaugula kuti mtengowu?" anafunsa Manzere.

Nesiyo anamwetulira mwamanyazi. "Sindinagule. Anandipatsa bwenzi langa, chisanu chikuyamba. Anamezanitsa yekha ndi manja ake, tangoganizani, munthu woyendetsa lole! Anati ulusiwu ndi chikondi chathu, ndisadzaumasule zivute zitani. Ndiye ndathirira, ndaika padzuwa, ndabisa ku mphepo, koma ukungofota. Ndikuopa, achemwali. Akadziwa kuti ndaupha adzati sindimukonda. N'chifukwa chake ndabwera mobisa."

Chakumbali, Anti Payipi anatseka madzi mwakachetechete.

"Ali kuti iyeyo?" anafunsa Manzere.

"Ali konkuno. Amagwira ntchito ya pafupi masiku ano, amandipeza Loweruka lililonse. Mwezi wamawa ndi chinkhoswe—" anadzigwira pakamwa, akuseka, nawonetsa dzanja. Pa chala panali mphete yopyapyala ya kamwala koyera. "Wandiveka sabata yatha. Ndi munthu wachikondi, simungamvetse. Lero lomwe m'mawa wanditumizira ichi, taonani."

Anatulutsa foni, naitembenuzira kwa Manzere.

Gulugufe wakuda wa madontho achikasu, pa tsamba lanthete la mandimu. Pansi pake mawu: "Gulugufe woyamba wa chaka chino. Ndamuona ndikutsitsa katundu, ndaima kumujambulira iwe, gulugufe wanga."

M'mphepete mwa chithunzicho, chitagwira tsamba, panali chala chomata pulasitala yachikasu ya tinyenyezi tabuluu.

Manzere anagwira tebulo kuti asagwe. Makutu ankalira. Miyezi itatu yothamangira kuseri kwa shedi! Kubisa mtengo m'chimbudzi, kuonda, kudzicheka, kuyang'ana kumwamba ngati wamisala! Ndipo munthuyo sanavutike n'komwe kudula chala chake pa chithunzicho.

"Achemwali, muli bwino? Mwatuwa." Nesiyo anamugwira dzanja, ndipo maso ake, ozolowera mabala, anapita okha pa chala. "Pulasitala iyi yanyowa, mufunika kusintha. Bala la mpeni silifuna..."

Anasiyira pomwepo. Anayang'ana chalacho. Anayang'ana foni. Anakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, nayang'ananso chalacho.



"Tinyenyezi," ananong'ona nesiyo.

Manzere anatulutsa foni yake, natsegula uthenga wa m'mawa, n'kuiika pambali pa inzake. Chithunzi chimodzi, mafoni awiri. Pa yake chinatumizidwa itangokwana seveni. Pa ya nesi chinafika patatha mphindi zinayi.

"Kwa ine anati ali kutali, kotuta miyala," anatero Manzere. "Anati gulugufe ameneyu akatuluka abwera ndi mphete."

Nesiyo anakhala pa wilibala yotembenuza ija, mosadziwa kuti ndi pomwe ankakhala mwini nkhani. Anayang'ana mphete yake ngati yamuwotcha.

"Sindinadziwe, achemwali. Ndikulumbira, sindinadziwe."

"Ndikudziwa. Inenso."

"Ine ndinanena," anayamba Anti Payipi, koma ataona nkhope ziwirizo anameza mawu otsalawo. Anangopita kukatunga madzi akumwa m'makapu awiri.

Ndipo ndi nthawi imeneyo pamene foni ya Manzere inalira pa tebulo. Masiku khumi a chete, n'kusankha mphindi imeneyi! Pagalasi panalembedwa dzina limene iye anamusungira: Wanga.

"Yankhani," anatero nesiyo, akupukuta m'maso ndi mkono wa juzi.

Manzere anadina kuti onse amve.

"Halo, gulugufe wanga!" Mawu aja, otsekemera ngati kale. "Pepa wokondedwa, netiweki kuno yandizunza, ndachita kukwera pamwamba pa lole. Chithunzi ndachiona, ndalira misozi! Kungoti abwana atiwonjezera mwezi wina umodzi. Upirire pang'ono, mfumukazi, mphete yako ili pompano m'thumba. Halo? Gulugufe wanga, ukundimva?"

Manzere anapuma mozama.

"Ukuitana uti? Tilipo awiri pano."

"Awiri? Ukutanthauza chiyani, mtima wanga?"

Nesiyo anawerama pafupi ndi foni. "Akutanthauza ine. Mphete ili m'thumba mwakoyo ndi yofanana ndi ili pa chala changayi, kapena ndi ina?"

Mufonimo munamveka galimoto ikuliza hutala, ndipo hutala yomweyo anaimva ndi makutu awo kuchokera ku msewu waukulu, kuseri kwa mpanda wa nazale. Kenako foni inaduka.

Nesiyo anavula mphete, naiponya m'thumba la yunifomu momwe munali lumo ndi cholembera. Kenako analira, kulira kwenikweni, mapewa akugwedezeka. Manzere anafuna kumuda, anayesetsa ndithu, koma zinakanika. Anaona mtsikana mnzake amene wathirira mtengo chisanu chonse ndi mantha omwewo.

"Mtengowu muutaye," anatero nesiyo pomaliza. "Sindikufunanso kuuona."

Manzere anayang'ana mbandeyo. Njere yake anadzala yekha. Anaipala khungwa pang'ono ndi chikhadabo pamwamba pa chotupacho. Mkati munali mobiriwira.

"Mtengo sunalakwe, anesi. Gwirani apa, musagwedeze."

Nesiyo anagwira tsinde ndi manja awiri. Manzere anatenga mpeni wake ndi dzanja lamanzere, nalowetsa nsonga pansi pa mfundo imene anamanga yekha miyezi itatu yapitayo. Maso anadzaza misozi moti anachita kuphethira kawiri kuti aone bwino.

Ulusi unaduka. Anausolola pang'onopang'ono m'khungwa, n'kuuponya m'chitini cha mbozi.

"Uchira?" anafunsa nesiyo.

"Chipsera chikhalapo. Koma muupatse milungu itatu, uphukira."

Nesiyo anagwedeza mutu. Kenako anatsegula chikwama chake, natulutsa thonje ndi pulasitala yoyera.

"Tsopano bweretsani chalacho."